Akochi athu akudwala komanso afedwa: ndani ayankhule ndi atolankhani?

Mneneri wa timu, wofunsa:

Anzanga pantchito, ndikupempha nzeru mwachangu chifukwa nkhani yandikulira ndipo foni yanga sikupuma. Akochi athu akhala akulandira thandizo la kuchipatala kuyambira kumayambiriro kwa sizoni, nkhani imene tikuidziwa ndife ochepa, ndipo pamwamba pa matendawo akazi awo atisiya posachedwapa. Iwo abwerera kuntchito, akuchititsa zokonzekera ndipo akufuna kukhala pa benchi, koma andiuza motsindika kuti sangathe kuima pamaso pa makamera kapena kuyankha mafunso mpaka adzapezeko mphamvu. Vuto ndi lakuti malamulo a ligi yathu amafuna mphunzitsi wamkulu apezeke pa msonkhano wa atolankhani masewero asanachitike, pa flash interview (mafunso achidule a wailesi ya kanema) masewero akangotha, komanso pa msonkhano wina pambuyo pake, ndipo timu ikajomba imalipitsidwa chindapusa. Akuluakulu a timu akufuna chikalata lero lomwe, a wailesi ya kanema akufunsa amene adzaime pa bolodi la masiponsa Loweruka, ndipo pa masamba a mchezo anthu ayamba kale kulemba kuti akochi achotsedwa ntchito mwakachetechete. Ndilembe chiyani, ndisiye chiyani, ndipo ndiimike ndani m'malo mwawo?

Mlembi wa timu wopuma:

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Musayambe ndi chikalata cha atolankhani, yambani ndi kalata yopita ku bungwe loyendetsa ligi. Kalatayo isayinidwe ndi mkulu wa timu, itchule ndime ya malamulo imene mukupempha kuti akumasuleniko, itchule dzina la munthu amene aziyankhula, ndipo ipemphe yankho lolembedwa. Musadalire lonjezo la pa foni, chifukwa amene amalemba lipoti tsiku la masewero ndi match commissioner, nthumwi ya ligi yoyang'anira masewerowo, ndipo iye amalemba zimene waona, osati zimene munagwirizana ndi munthu wina ku ofesi. Kopi ya kalatayo ipite kwa eni ufulu woulutsa masewero, popeza kawirikawiri iwo ndi amene amayamba kudandaula. Kumbukirani za wosewera tenesi Naomi Osaka pa mpikisano wa Roland Garros ku France mu 2021. Iye adalengeza pa masamba a mchezo kuti sapita ku misonkhano ya atolankhani pofuna kuteteza thanzi la maganizo ake, adalipitsidwa madola 15,000 a ku America atajomba msonkhano woyamba, ndipo tsiku lotsatira adatuluka mumpikisanowo. Chifukwa chake chinali chomveka, koma nkhani idafika kubwalo la anthu isanamangidwe ndi eni malamulo.

Woona zamalonda:

Ine ndikuona mosiyana, Achemwali. Akochi aonekere okha, ngakhale kwa mphindi ziwiri zokha, awerenge mawu olembedwa kale, athokoze ochemerera, kenako achoke osalandira funso. Anthu akapanda kuona munthu ndi maso awo amapeka zawo, ndipo masiponsa amalipira kuti nkhope ya mphunzitsi wamkulu iziima kutsogolo kwa bolodi lawo. Siniša Mihajlović, amene ankaphunzitsa timu ya Bologna ku Italy, adaitanitsa yekha atolankhani mu Julayi 2019 nkuwauza kuti ali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mphekesera zonse za ku Bologna zidathera pomwepo.

Dokotala wa timu:

Bambo a zamalonda, Mihajlović adasankha yekha, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Louis van Gaal adasankha njira ina. Iye adaulula mu Epulo 2022 kuti amalandira thandizo la khansa ya prostate pamene ankaphunzitsa timu ya dziko la Netherlands, ndipo adanena kuti ngakhale osewera ake sadawauze. Onse awiri sadalakwe, chifukwa matenda ndi chinsinsi cha mwini wake, osati katundu wa timu.

Achemwali, ndikuchenjezeni zinthu zingapo. Dzina la matenda, dzina la chipatala ndi mtundu wa mankhwala zisalowe m'chikalata pokhapokha akochi avomereze, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa. Ngati bungwe la ligi lifuna umboni, kalata ya dokotala ipite kwa dokotala wa bungwelo, isadutse pa tebulo la alembi. Musalembenso kuti akupezako bwino kapena kuti akuchira, chifukwa mawu amenewo ndi lipoti la chipatala ndipo inu simungawaikire kumbuyo zinthu zikasintha. Ndikupempheninso kuti zimene mwatiuza ifezi musazibwereze kwa anthu ena, pakuti munthu wodziwa bwino ligi yanu akhoza kuzindikira timu imene mukunena.

Chinanso nchakuti mphindi ziwiri si zochepa kwa munthu amene akumwa mankhwala amphamvu ndipo sakugona chifukwa cha chisoni. Magetsi a makamera, phokoso ndi kuima nthawi yodikira woulutsa zimatopetsa thupi, ndipo munthu akagwetsa misozi kapena kuchita chizungulire pa kanema, chithunzi chimenecho sichifufutika.

Mneneri wa timu ya mpira wa amayi:

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi vuto lanu ndi cha Emma Hayes, amene ankaphunzitsa timu ya amayi ya Chelsea, mu Okutobala 2022. Atachitidwa opaleshoni yadzidzidzi, chikalata chidatuluka m'mawu ake, ndipo chidagawa ntchito poyera: wachiwiri wake Denise Reddy aziyendetsa za pabwalo, manejala wa timu Paul Green aziyankhula ndi atolankhani. Chimene ndidatolapo ndi chakuti ntchito ya pa benchi ndi ntchito ya pa maikolofoni zikhoza kupatulidwa, ndipo atolankhani amavomereza akauzidwa momveka amene azipita kwa iye. Chikalata chanu chikhale chachifupi. Chinene kuti akochi akadali mphunzitsi wamkulu ndipo akupitiriza kutsogolera timu, kuti pa zifukwa za umoyo wawo ndi za kubanja apumira kaye ntchito yoyankhula ndi atolankhani, kuti wakutiwakuti ndiye aziyankhula, ndiponso kuti timu sidzawonjezerapo kanthu pa nkhaniyi. Chiganizo choyambacho nchimene chimapha mphekesera yoti achotsedwa, choncho chikhale pamwamba. Musanatumize, akochi awerenge liwu lililonse, ndipo wachibale mmodzi amene iwo amusankha awerengenso.

Mtolankhani wa zamasewero wopuma:

Achemwali, ndiyankhule monga munthu amene ndidakhala mbali inayo ya tebulo. Atolankhani ambiri ali ndi umunthu, koma amadana ndi kunamizidwa. Nthawi ina timu ina idatiuza kuti mphunzitsi wawo ali ndi chimfine, ndipo idabwereza bodzalo masewero angapo. Mnzathu wina atamuona mphunzitsiyo pa khomo la chipatala, nkhani idatuluka moipa kwambiri, osati chifukwa cha matendawo koma chifukwa akonzi adakwiya kuti adapusitsidwa. Banja lidavutika ndi mafoni usiku, ndipo mneneri wa timuyo palibe amene adamukhulupiriranso.

Yerekezani ndi za mphunzitsi Luis Enrique. Mu Malichi 2019 adachoka ku timu ya dziko la Spain masewero a ku Malta asanachitike, ndipo bungwe la mpira lidangonena kuti ndi nkhani yaikulu ya kubanja. Mu Juni adatula pansi udindo. Kwa miyezi yonseyo nyumba zofalitsa nkhani za m'dzikomo sizidalembe chifukwa chake, mpaka iye mwini adalengeza mu Ogasiti kuti mwana wake wamkazi wa zaka 9 wamwalira ndi khansa ya m'mafupa. Bungwelo silidaname, lidangonena zochepa. Imbirani foni akonzi a nkhani zamasewero mmodzimmodzi chikalata chisanatuluke, muwauze kuti nkhaniyi ndi ya matenda ndi maliro, ndipo muwapemphe kuti asatumize ojambula kunyumba. Koma musawauze chinsinsi chimene simungapirire kuchiona chitasindikizidwa, chifukwa mawu oti izi nzapakati pathu si aliyense amene amawasunga.

Woona zamalonda:

Zonsezi ndazimva, koma Luis Enrique adachokeratu pamaso pa anthu. Akochi a Achemwaliwa azikhala pa benchi Loweruka lililonse, makamera akuwaona akukuwira osewera, kenako nthawi ya mafunso asowe. Anthu adzafunsa kuti munthu wotha kuima mphindi 90 akulephera bwanji mphindi ziwiri. Ndikubwerezanso kuti aonekere kamodzi, nkhani ithe.

Mneneri wa timu, wofunsa:

Bambo, nkhani ya mphindi ziwiriyo akuluakulu a timu anenanso, ndipo ndawafunsa kale akochi. Ayankha kuti pa benchi amaganiza za mpira, koma pa maikolofoni amadziwa kuti funso la akazi awo libwera, ndipo sangathe kulipirira. Sindibwereranso kukawafunsa kachiwiri. Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano ndi wachiwiri wawo, amene sanayambe wachititsapo msonkhano wa atolankhani ndipo amapsa mtima msanga timu ikagonja.

Mlembi wa timu wopuma:

Pamenepo samalani kwambiri. Sankhani munthu mmodzi ndipo musamasinthesinthe, chifukwa anthu atatu akamayankhula mosinthana, atolankhani amafananitsa mawu awo nkupeza nkhani pamene palibe nkhani. Kuimiridwa ndi wachiwiri si chinthu chachilendo: Alex Ferguson, amene ankaphunzitsa Manchester United, sadayankhule ndi BBC kuyambira 2004 mpaka 2011, ndipo achiwiri ake monga Mike Phelan ndi amene ankaonekera. Koma wachiwiri amasenza katundu wolemera zotsatira zikavuta. Mphunzitsi wa Barcelona Tito Vilanova atapita ku New York kukalandira thandizo la khansa kumayambiriro kwa 2013, wachiwiri wake Jordi Roura ndiye adatsala ndi timuyo, ndipo timu itagonja 2-0 kwa AC Milan nkugonjanso kawiri kwa Real Madrid, mafunso onse adagwera iye.

Choopsa china ndi udindo wosalembedwa. Robert Moreno, wachiwiri wa Luis Enrique, adagwirizira ntchito ya mnzakeyo, kenako adapatsidwa udindowo, ndipo Luis Enrique atabwerera mu Novembala 2019 awiriwo adasiyana moipa, mpaka Luis Enrique adanena poyera kuti mnzakeyo sadakhulupirike. Lembani tsopano, onse akadali pa ubale wabwino, kuti wachiwiriyo akuyankhula m'malo mwa akochi, sakulowa m'malo mwawo. Muonenso laisensi yake, chifukwa tsiku lina akochi akadzalephera kufika pa benchi, malamulo a mipikisano yambiri amafuna kuti wotsogolera timu akhale ndi laisensi ya mlingo woyenera.

Timu manejala:

Nonse mukukamba za wachiwiri, koma kumene nkhani imathawira ndi ku mixed zone, malo amene osewera amadutsa pakati pa atolankhani masewero akatha. Wosewera wachinyamata wotopa, amene amawakonda akochi ngati bambo ake, akafunsidwa kuti akochi ali bwanji amayankha zoona zonse. Mu Epulo 2018 mkazi wa Gregg Popovich, mphunzitsi wa basketball ku America, adamwalira pamene timu yake ya San Antonio Spurs inali pakati pa masewero achipulula (playoffs) ndi Golden State Warriors, ndipo wachiwiri wake Ettore Messina ndiye adatsogolera timu masewero otsalawo. Usiku womwewo LeBron James, amene sankasewera nkomwe mu timu imeneyo, adafunsidwa za imfayo pa kanema atangomaliza masewero ake, ndipo anthu adakangana kwambiri ngati funsolo linali loyenera, ngakhale iye adafotokoza pambuyo pake kuti mtolankhaniyo adamudziwitsiratu. Ngati funso lidafika kwa wosewera wa timu ina, kwa osewera anu lifika ndithu. Akochi kapena kaputeni awauze osewera chikalata chisanatuluke, agwirizane chiganizo chimodzi choyankha, ndipo inu muziima pafupi. Uzaninso madalaivala, osamalira zovala ndi alonda a pabwalo, pakuti iwo amafunsidwa kuposa mmene timaganizira. Za nsalu zakuda pamkono ndi mphindi yokhala chete, musakonze musanafunse anamfedwa.

Woona zamalonda:

Ngati msonkhano wavuta, jambulani kanema wamfupi ndi kamera ya timu, mumukonze bwino, muike pa tsamba lanu. Palibe mtolankhani, palibe funso, koma akochi aonekere ndipo bolodi la masiponsa lioneke kumbuyo. Komanso chikalata chitchule tsiku limene adzayambirenso kuyankhula, kuti ine ndikhale ndi chowauza anthu amene ali ndi mgwirizano ndi timu.

Dokotala wa timu:

Tsiku limenelo musalitchule, Achemwali, ngakhale akochi eni ake atalipereka. Antonio Conte, amene ankaphunzitsa Tottenham, adataya anzake atatu m'miyezi yochepa, Gian Piero Ventrone mu Okutobala 2022, Mihajlović mu Disembala ndi Gianluca Vialli mu Januwale 2023. Mu Febuluwale adachotsedwa ndulu, adafulumira kubwerera ku Tottenham, ndipo patangopita masewero awiri adayenera kutsalanso ku Italy kuti achire bwino, wachiwiri wake Cristian Stellini nkugwiriziranso timu. Anthu a ntchito imeneyi amadzikakamiza, ndipo mukalengeza tsiku mumawapatsa ngongole imene adzaibweza ndi thupi lawo. Tsikulo likadutsa asanabwerere, mudzakhala mwapanga nokha nkhani yachiwiri yoipa kuposa yoyamba. Gwirizanani mkati mwa timu kuti muziunika nkhaniyi pakapita milungu ingapo, koma kunja munene kuti mudzadziwitsa anthu nthawi yake ikakwana. Za kanemayo, ngati akochi adzamufuna okha adzanena, koma pempho lisachokere ku ofesi ya zamalonda.

Mtolankhani wa zamasewero wopuma:

Ndiwonjezere za wachiwiriyo. Muyeseni mafunso musanamutulutse, ndipo muyambe ndi ovuta: ndani wasankha osewera lero, kodi akochi amaliza sizoni, kodi mungavomere udindowu atakupatsani. Funso lachitatulo ndi msampha, ndipo yankho lililonse loposa chiganizo chimodzi lidzakhala mutu wa nkhani. Inu mutsegule msonkhano ponena kuti za umoyo wa akochi zili m'chikalata, ndipo wina akaumirira, muyankhe ndinu, osati wachiwiriyo. Mukambiranenso ndi wotsogolera makamera a wailesi ya kanema, chifukwa ngakhale akochi asayankhule, kamera ikhoza kukhala pa nkhope yawo masewero onse kudikira misozi. Simungawalamule, koma kupempha kumathandiza.

Mlembi wa timu wopuma:

Achemwali, kodi a ligi ayankha kalata ija? Ngati Lachisanu lifika asanayankhe, pitani nayo kopi yodindidwa ku msonkhano wokonzekera masewero, muipereke pamanja kwa match commissioner ndipo mupemphe kuti ilembedwe mu lipoti lake.