Kagetsi kofiira ka mabuleki kakuyaka ndi kuzima, kodi ndi mapadi?

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2008, ndimakhala ku Matawale. Loweruka lapitali tinakwera phiri la Zomba ndi ana, ndiye potsika kuchokera ku Chawe kagetsi kofiira kaja, kozungulira kokhala ndi chizindikiro cha mfuwu pakati, kanayamba kuyaka pa dashibodi. Ndinkaganiza kuti handibuleki sinatsike bwinobwino, koma ayi, inali pansi.

Chikundidabwitsa n'chakuti sikayaka nthawi zonse. Kamayaka pokhota kapena ndikaponda buleki mwamphamvu, ndikawongola kamazima. Nditatsegula boneti ndinapeza mafuta a mabuleki ali pamzere wa MIN penipeni. Pomwe ndimaimika galimoto palibe dontho ngakhale limodzi, ndipo buleki siyofewa, kungoti matayala akutsogolo ayamba kulira tswii ndikamaima.

Makaniko wina anangoti thirani mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 muzipita. Alamu anga akukana, akuti mapadi akatha, pisitoni yokankha mapadiwo imatuluka kwambiri n'kukoka mafuta, ndiye kuthira ena n'kubisa matenda, komanso adzasefukira tsiku loika mapadi atsopano. Zikumveka, koma alamuwo ndi aphunzitsi, sanagwirepo sipanala.

Olondola ndani pamenepa? Mapadi akatsala okhuthala bwanji m'pamene timasintha? Nanga ma disiki, ndiwadziwa bwanji kuti nawonso adyeka? Lachisanu ndili ndi ulendo wa ku Blantyre, ndingayende nayo ili chonchi kapena ndingokwera minibasi?