Kodi njira ya Inca ya tsiku limodzi ndingaikwanitse?

Nabanda, Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Joni, mwana wanga akufuna kunditengera ku Peru chaka chamawa, ndipo chimene mtima wanga ukulakalaka n'chakuti ndikalowe wapansi, osati pa basi, ku Machu Picchu, mzinda wakale wa m'mapiri umene anamanga anthu a mtundu wa Inca. Ndili ndi zaka 58, ndipo ngakhale ndinakwerapo phiri la Mulanje ndili mtsikana, masiku ano mawondo amandivuta potsetsereka. Kodi alipo amene anayendapo njira ya Inca ya tsiku limodzi yopita kumeneko?

Chisale, Turffontein:
Mayi, ine ndinaiyenda, ndipo ndikukhulupirira kuti mungaikwanitse mukakonzekera. Sitima yochokera ku tawuni ya Ollantaytambo imakutsitsani pamalo otchedwa Km 104, mumawoloka mtsinje wa Urubamba, kenako mumadutsa mabwinja a Chachabamba n'kuyamba chikweza chimene chimatenga m'mawa wonse, dzuwa likuswa mtengo. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 12. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi Wiñay Wayna, kumene anthu a Inca anasema phiri lotsetsereka n'kupanga minda yosanjikizana, uliwonse wochirikizidwa ndi khoma la miyala, ndipo mpaka lero madzi akuyendabe m'ngalande zimene anagoba zaka zoposa 500 zapitazo. Aliyense amene anakulira kumunda akaima pamenepo amazindikira thukuta limene linakhetsedwa kuti dothi lisakokoloke. Musanafike pa chipata cha Inti Punku, pamene Machu Picchu amayamba kuonekera m'munsi, pali masitepe oimirira kwambiri moti ambiri amakwera chokwawa.

Nachisale, Kempton Park:
Mayi, nkhawa yanga ili pa mpweya, umene umachepa pamalo okwera kwambiri. Mzinda wa Cusco, kumene alendo opita ku Machu Picchu amafikira, uli pa mamita pafupifupi 3,400 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, kuposa nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, pamene Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, choncho mukapume masiku awiri ku Cusco musanayambe kuyenda. Mwayi wake ndi wakuti njira yaifupiyi sidutsa pa Warmiwañusca, mpata wa mamita 4,215 umene umazunza oyenda njira yaitali ya masiku anayi.

Mbewe, Yeoville:
Njirayi saloledwa kuyenda wekha, mayi, ndipo chilolezo chimagulidwa kudzera ku kampani yovomerezeka, n'kulembedwa nambala ya pasipoti yanu, choncho mulembetse miyezi ingapo nthawi isanakwane. Mupewe February chifukwa ndi mwezi umene amatseka njira ya Inca kuti aikonze. Za mawondozo, muyambe kupita ku masitepe a ku Westcliff Loweruka lililonse, makamaka kuzolowera kutsika, mutagwira ndodo yokhala ndi labala kunsonga, popeza yachitsulo saivomereza pamiyala yakaleyo.