Gulu la achinyamata kwathu likufuna ngongole ya nkhuku: ndiwalangize zotani?

Mphunzitsi Wopuma, Ntchisi

Ndikupatsani moni nonse. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo a komiti ya chitukuko cha m'mudzi mwathu andipempha kuti ndizilangiza gulu la achinyamata 23, omwe ambiri mwa iwo analekeza sukulu Fomu 2 kapena Fomu 4. Zokolola zikangolowa m'nyumba, anyamatawa amaswera pa bawo kumsika, ena amakagwira maganyu m'minda ya fodya ku Kasungu, ndipo chaka chatha atatu analowera ku Joni. Mwezi wathawu gululi linagwirizana zokapempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama la NEEF kuti liyambe kuweta nkhuku zoyera za nyama. Ine mtima sukundikhala m'malo, chifukwa ndikukumbukira nthawi ya ngongole za boma za MARDEF, zimene zinayamba mu 2005, ndi za achinyamata za YEDEF pambuyo pake, pamene anzathu ambiri kuno ankatenga ngongole ngati mphatso ya boma, mabizinesi awo n'kufa chaka chisanathe. Komabe sindikufuna kuwagwetsa mphwayi ana amene kwa nthawi yoyamba aganiza okha chochita. Inu amene munagwirapo ntchito ndi achinyamata akumudzi, kodi tiyambire pa ngongole, pa kuphunzira luso, kapena pali china chimene sindikuchiona?

Nabanda, Mchinji

Aphunzitsi, musanalankhule nawo za ngongole, afunseni funso limodzi lokha: nkhukuzo adzagula ndani, ndipo adzagula zingati pa sabata? Nkhuku yoyera imakhwima pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ikudya chikuchokera pa phindu lanu. Gulu lina la atsikana limene ndinkaliyendera linaweta anapiye 200, ndipo linawasamala bwino ndithu, mpaka kumadzuka usiku kukasonkhezera mbaula kuti anapiyewo asafe ndi chisanu. Nkhuku zitakhwima, pamsika wa kwawo pankatuluka zinayi kapena zisanu pa tsiku la msika, popeza munthu wakumudzi amagula nkhuku pa Khirisimasi, pa ukwati kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. Zotsalazo anazipereka pa ngongole kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito pachipatala, ndipo ndalama zinabwera modukizadukiza moti sanathenso kugula anapiye ena. Kumbukiraninso kuti chakudya cha nkhukuzi n'chogula, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu zotere inakwera pomwe wogula wakumudzi analibe ndalama yowonjezera.

Msika umatha kugwetsa ngakhale mlimi wakhama. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo amene linkagula kunja, alimi a kum'mwera amene analima mbewuyi mwaunyinji anasowa koigulitsa, mtengo n'kugwa pansi. Palibe amene anali waulesi pamenepo.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana zimene Ntchisi ali nazo kale, zomwe ndi soya, mtedza ndi nyemba. Mavenda amabwera ndi sikelo zawo mu April ndi May, pamene mlimi ali pa usiwa wa ndalama, n'kugula motchipa. Gulu la achinyamata litakhala ndi sikelo yoona, matumba aja osalowa mpweya oteteza ku nankafumbwe, ndi kachipinda kouma kosungiramo, lingathe kusonkhanitsa mbewu, kuisankha bwino pochotsa yachuku, n'kukaigulitsa pamodzi kwa ogula akuluakulu kapena kudzera ku mabungwe a alimi monga NASFAM. Mpamba woyambira auponye okha mu banki mkhonde kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mmenemo ndi mmene mudzadziwire amene amabweza ndi amene amabisala tsiku la msonkhano, boma lisanawapatse tambala.

Mmisiri wa pa Mponela

Zimene anena mayi Nabanda n'zoona, koma ndiloleni ndiikire kumbuyo luso la manja, chifukwa ndi limene landidyetsa zaka 14. Ndimawotcherera zitsulo, ndipo sindinaphunzire m'kalasi ayi. Ndinakhala zaka ziwiri kwa mmisiri wina wachikulire, chaka choyamba ndikungodula zitsulo ndi kupala dzimbiri, mpaka tsiku limene anandipatsa chotchingira kumaso n'kundiuza kuti ndilumikize felemu ya windo. Kumeneko ndinaphunziranso zimene sukulu siphunzitsa, monga kuwerengera mtengo wa chitseko usanagule chitsulo, ndi kukana mwaulemu kasitomala wofuna kutenga katundu asanamalize kulipira.

Njira zophunzirira zilipo. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. Kuyambira mu 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera, ndipo mwambo wokhazikitsa ndondomekoyi unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga. Vuto limene ndimaliona n'lakuti wachinyamata amabwerako ndi satifiketi koma alibe makina owotcherera, alibe galayindala, ndipo kumudzi kwawo kulibe magetsi. Pakatha miyezi itatu mumupeza wabwereka njinga akupalasa kabaza. Choncho ngati ngongole ingatengedwe, itengedwe kuti igule zipangizo za munthu amene waphunzira kale ntchito, ndipo ndalamazo zikalipidwe kusitolo, zisadutse m'thumba mwake.

Musawatumizenso onse ku luso limodzi. Pamsika wathu pali matelala ambiri moti amalimbirana yunifolomu za sukulu imodzi, pomwe wodziwa kukonza njinga zamoto, mapampu a sola a ulimi wa mthirira ndi mawaya a sola za m'nyumba ndi wosowa, anthu mpaka kumanyamula zinthu zowonongeka kupita nazo ku Lilongwe.

Gogo Phiri, Zomba

Ine ndisiyanako pang'ono ndi anzanga awiriwa. Masiku ano aliyense akuuza achinyamata kuti adzilembe okha ntchito, ngati kuti munthu aliyense anabadwa ndi mutu wa bizinesi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, kuti 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi, ndiponso kuti pafupifupi theka la ife ndi ana osafika zaka 18. Anthu onsewo sangakhale eni maokala, chifukwa wogula adzasowa. Pa ana 23 anuwo, Aphunzitsi, mwina atatu kapena anayi ndi amene ali ndi mtima wosunga mpamba osaudya, ndipo enawo chimene akufuna ndi ntchito ya malipiro odalirika. Si manyazi zimenezo. Thandizani atatuwo kuti bizinesi yawo ikule mpaka ilembe anzawo ntchito yosenda mtedza, yosoka matumba ndi yonyamula katundu. Bizinesi ya anthu 23 yopanda mwini imatha ndi mkangano wa amene anayenera kutunga madzi a nkhuku Lamlungu.

Chachiwiri ndi malo. M'masiku a Malawi Young Pioneers, gulu limene linatha asilikali atalilanda zida mu December 1993, achinyamata ankaphunzitsidwa ulimi m'makampu ndipo ena ankakakhazikika m'masikimu. Za nkhanza zimene gululo linkachitira anthu sindikuziikira kumbuyo, ndipo amsinkhu wanga akuzidziwa, koma mfundo yakuti wophunzira ulimi amafunika munda inali yolondola. Lero mnyamata wa zaka 22 amalima munda wa makolo ake ndipo alibe mawu pa zokolola zake. Akapita ku chikamwini, sangabzale mitengo ya zipatso kapena kukumba chitsime pa malo amene mawa angauzidwe kuti si ake. Pitani kwa amfumu mukapemphe dimba la achinyamata, ndipo mgwirizano wake ulembedwe papepala pamaso pa mboni, wa zaka zosachepera zisanu. Ndifunsenso: pa 23 amenewo, atsikana ndi angati, ndipo ndani amasunga ndalama?

Mphunzitsi Wopuma, Ntchisi

Zikomo kwambiri nonse. Gogo Phiri, funso lanu landichititsa manyazi, chifukwa atsikana alipo asanu ndi awiri ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ali mu komiti, chonsecho awiri mwa iwo amaphika kale zitumbuwa ndi mandasi n'kumadzilipirira okha zofunika za ana awo. Loweruka tinakumana pansi pa mkuyu wa pasukulu, ndipo ndinawafunsa funso la mayi Nabanda lija. Panali zii kwa kanthawi, kenaka wapampando anati nkhuku sizisowa msika. Ndawatuma awiriawiri kuti akafunse pa malo odyera a pa boma ndi pa Mponela kuti amagula nkhuku zingati pa sabata, kwa yani, ndi pa mtengo wanji, ndipo abwere ndi mayankho olemba m'kope. Kalata ya ngongole taiimika kaye. Mmodzi mwa atsikana aja anati iye angakonde nkhuku za Mikolongwe, zimene zimatha kudzitolera chakudya pabwalo, malinga katemera wa chitopa azipezeka pa nthawi yake, ndipo anyamata sanamuyankhe. Banki mkhonde tiyamba sabata yamawa. A Mmisiri, ndili ndi anyamata awiri amene amakonda kumasula njinga zamoto za anzawo ngakhale sanaphunzire: kodi kwa mmisiri wa luso limeneli wophunzira amalipira motani, ndipo amagona kuti pa nthawi imene akuphunzira?