Thandizo: mapiritsi a ayodini ndi vitamini B12 a mayi woyembekezera wosadya nyama

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Luchenza, ndikupempha nzeru pa nkhani ya mchemwali wanga.

Mchemwali wangayu ndi woyembekezera, ndipo papita zaka asakudya nyama, nsomba, mazira ngakhale mkaka. Ndiwo zake ndi nandolo, nyemba, soya pieces ndi masamba, m'mawa chinangwa chophika ndi tiyi. Vuto ndi loti BP yake inakwera, ndiye mchere anachepetsa kwambiri, chonsecho ayodini ambirife timamupeza mumchere wa m'paketi womwewo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera amafunika ma microgram 250 patsiku, pomwe munthu wamkulu wamba ndi 150. Komanso munthu akamadya chinangwa kwambiri ayodini ali wochepa m'thupi, chithokomiro chimatha kutupa. Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mwanayo, poti ubongo wake umafuna ayodini kuti ukule bwino.

Kusikelo akumupatsa mapiritsi a ayironi ndi folic acid basi. Ndazungulira m'mafamase ku Limbe, koma ma multivitamin omwe ndinapeza ena alibe ayodini, ena ndi makapisozi a gelatin wochokera ku nyama, iye sangamwe. Botolo lina mapiritsi ake ndi achikasu kwambiri, kumbuyo kwalembedwa E102, utoto wotchedwa tartrazine.

Ndani akudziwa mapiritsi okhala ndi ayodini pamodzi ndi B12 (vitamini wopezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, zomwe iye sadya), opanda gelatin, opezeka ku Blantyre kapena konkuno ku Thyolo? Nanga utoto wa E102 umenewu mayi woyembekezera angamwe popanda vuto? Anamwino ndi madokotala amene muli muno, chonde tithandizeni.