Ndalama za gulu: timange shedi pamsika kapena tithandize amayi kugulitsa pamodzi?

Wapampando: Makolo, abale ndi alongo, landirani moni nonse, a kumudzi kuno ku Mulanje ndi inu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Komiti ikuganiza zoti ndalama zimene tasonkha chaka chino timangire shedi pamsika wathu, kuti amayi ogulitsa chinanazi, mapeyala, chinangwa ndi masamba aleke kuyala malonda awo pamatope. Tisanapite kwa a Gulupu ndi kukhonsolo kukapempha malo, tikufuna timve maganizo anu.

Mayi a ku Chitakale: Zikomo a Wapampando. Ine ndakulira pa malonda a chinanazi, ndipo ndikunenetsa kuti chimene chimatisaukitsa si mvula ayi. Chinanazi chimapsa nthawi imodzi m'minda yonse, ndipo chikapsa sichidikira munthu. Venda akabwera ndi lole kudzapikula, amadziwa bwino lomwe kuti mayi amene wasenza dengu kuchokera m'mphepete mwa phiri sangabwerere nalo kunyumba, choncho mtengo amatchula ndi iyeyo, ife n'kungovomera kuopa kuti katundu angatiwolere m'manja. Shedi idzatiphimba mitu, koma mtengo udzakhala womwewo.

Bambo a ku Johannesburg: Mayi, mawu anu ndawamva ndipo ndi oona, koma ife amene timatumiza ndalama tili kutali timafuna chinthu chimene tikabwera pa Khirisimasi tingachiloze ndi chala. Ndalama zobwereketsana zimathera m'milandu, pamene shedi idzatumikira ndi adzukulu omwe. Musaiwalenso kuti namondwe wa Freddy atatigwera mu Marichi 2023 zisakasa zathu zaudzu zinapita zonse.

Msungichuma: Ndiloleni ndinene za thumba. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malata ndi simenti zakwera kwambiri, moti zimene tili nazo zingakwane mizati ndi denga lokha, popanda mabenchi ngakhale chimbudzi.

Aphunzitsi opuma a ku Chonde: Ine ndili kumbali ya mayi a ku Chitakale, ngakhale sindikufuna kuti mavenda tiwayese adani, pakuti ambiri mwa iwo ndi ana athu omwe amene anasowa ntchito m'maesiteti a tiyi. Vuto ndi lakuti mlimi aliyense amakumana ndi wogula ali yekha. Malo ambiri achonde kuno ali pansi pa tiyi, ndiye munthu amalima kamunda kakang'ono, n'kukolola zochepa zosati n'kudzaza nazo galimoto. Koma amayi makumi awiri ataphatikiza madengu awo, angathe kuchita hayala galimoto imodzi mpaka ku Limbe, n'kukatchula okha mtengo. Chimodzimodzinso nandolo: gulu litagula sikelo yakeyake yoyesedwa bwino, wogula sangabwerenso ndi sikelo yake yomangidwa. Kunena za milandu ya ngongole, achimwene a ku Johannesburg, amayiwa akuyendetsa kale banki mkhonde ndipo amagawana bwinobwino kumapeto kwa chaka, chifukwa amadziwana makomo.

Mayi a ku Chitakale: Aphunzitsi mwandilankhulira. Ndingowonjezera kuti ndalama ya galimoto ikhale yozungulira, tizibweza tikabwerako ku Limbe tsiku lomwelo, pamaso pa anthu atatu.

Bambo a ku Johannesburg: Ngati Msungichuma azitionetsa buku la ndalama mwezi ndi mwezi pano pagulu, ine ndivomera kuti tiyese nyengo imodzi, koma nkhani ya shedi isafe.

Wapampando: Zamveka. Loweruka tikumane kusukulu dzuwa likapendeka, ndipo Msungichuma abwere ndi mitengo ya sikelo, ya hayala ndi ya malata. Mayi, chonde mudzabwere ndi anzanu amene alibe foni, makamaka ogulitsa masamba, chifukwa sitinawamve.