Kaadaputa ka DAC pa foni: kamakonza chiyani, ndipo sikangakonze chiyani?

Tadala_92 analemba:

Moni nonse. Foni yanga ilibe kabowo ka mahedifoni, ili ndi ka USB-C kokha. Ma earphone anga ndi a waya, ali ndi maiki pachingwe, ndipo pa bokosi analemba 32 ohm ndi 105 dB/mW. Ndimawalumikiza ndi kaadaputa wamba kopanda dzina. Mavuto alipo atatu: voliyumu ndimaifikitsa kumapeto koma mawu sakwera mokwanira, besi ndi yopepuka kwambiri, ndipo nyimbo ikatsika pamamveka kaphokoso ka "sss". Chinanso chondizunguza n'chakuti kaadaputa komweka pa foni ina sikatulutsa mawu n'komwe.

Anthu akutama timaadaputa ta DAC tolembedwa 32-bit/384 kHz. Kodi timathandizadi? Ndiyang'ane chiyani pogula, ndipo maiki izigwirabe ntchito poyimba foni?

Kambalame anayankha:

A Tadala, tiyambe ndi chokuzunguzanicho, chifukwa yankho lalikulu lili pomwepo. Timaadaputa ta USB-C tilipo ta mitundu iwiri ngakhale kunja timaoneka chimodzimodzi.

Mtundu woyamba ndi waya chabe. Mkati mulibe chilichonse chogwira ntchito pa mawu. Foni ndiyo imasandutsa manambala a nyimbo kukhala magetsi oyendetsa earphone, n'kuwatulutsira pa timapini ta USB-C, ndipo kaadaputako kamangowafikitsa pa bowo la 3.5 mm. Kotere kamagwira pa mafoni okhawo amene anawapanga kuti azitulutsa mawu mwa njira imeneyi. Ma Google Pixel ndi ma Samsung Galaxy ambiri opanda bowo la mahedifoni satero, ndiye mukalumikiza kumangoti zii, kapena foni n'kulemba kuti chipangizochi sikuchidziwa.

Mtundu wachiwiri uli ndi kachipu m'mutu wa USB-C uja. M'kachipumo muli DAC, imene imasandutsa manambala kukhala mawu, ndiponso amplifier yaing'ono yokankha ma earphone. Foni imangotumiza deta ndi magetsi, ntchito ya mawu yonse imachitikira kunja kwa foni.

Kuti mudziwe kanu ndi kati, kalumikizeni pa laputopu ya USB-C muli mutaikamo kale ma earphone. Kompyuta ikaonetsa chipangizo chatsopano pa mndandanda wa zotulutsa mawu, kali ndi DAC. Ikapanda kuona chilichonse, ndi waya chabe. Ndanena kuti muikiretu ma earphone chifukwa timaadaputa tambiri ta DAC sitidzuka mpaka titamva kuti pulagi yalowa.

Malinga ndi zomwe mwafotokoza, ine ndikuganiza kuti kanu ndi ka waya chabe. Ngati ndi choncho, "sss" ija ndi kutsika kwa mawu zikuchokera mu amplifier ya m'foni, imene ili pafupi ndi purosesa, mawailesi a netiweki ndi zotchajira, zonsezo n'zotulutsa phokoso la magetsi. Apa kaadaputa ka DAC kathandizadi, ndipo kusiyana mukumva tsiku lomwelo.

Pogula, funsani dzina la chipu. Tomwe tili ndi Conexant CX31993 kapena Realtek ALC5686 timatulutsa pafupifupi 1 volt, tomwe tili ndi Cirrus Logic CS43131 timafika pafupifupi 2 volt. Kaadaputa ka Apple ka USB-C n'koyera mawu ndithu, koma kali ndi misampha iwiri. Kogulitsidwa ku Ulaya kamatulutsa pafupifupi theka la volt pomwe ka ku America kamatulutsa 1 volt, ndipo pa mafoni ambiri a Android kamamveka kotsika chifukwa Android siikweza voliyumu ya m'kachipu kake. Munthu amene akudandaula kale za kutsika kwa mawu pa Android ndingamuuze kuti asayambire pamenepo.

Mphenzi7 anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Kambalame, ndingowonjezera masamu kuti musagule mphamvu imene simukuifuna.

Mphamvu yofika ku earphone timaipeza pochulukitsa ma volt ndi ma volt omwewo, n'kugawa ndi ma ohm. Kaadaputa ka 1 volt pa earphone ya 32 ohm kamapereka mphamvu ya pafupifupi 31 mW (ma milliwatt). Ma earphone anu amatulutsa 105 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) pa 1 mW yokha, ndipo kuchoka pa 1 mW kufika pa 31 mW n'kuwonjezera pafupifupi 15 dB. Ndiye kuti pa voliyumu yomaliza mungafike pafupi ndi 120 dB, mulingo umene khutu silingaupirire ngakhale kwa kanthawi. Kwa ma earphone amenewa 1 volt ndi yokwana n'kutsalako. Ma 2 volt amafunika pa mahedifoni aakulu a 250 kapena 300 ohm, pomwe 1 volt imangopereka 3 kapena 4 mW. Pamenepo kuwirikiza ma volt kumawonjezera 6 dB, ndipo kumamveka.

Chenjerani poyerekeza ma earphone: makampani ena amalemba dB/mW (kukwera kwa mawu pa 1 mW), ena dB/V (kukwera kwa mawu pa 1 volt). Pa 32 ohm nambala ya dB/V imakhala yokwera ndi pafupifupi 15 kuposa ya dB/mW, choncho earphone yolembedwa 120 dB/V ndi yofanana ndi yanu ya 105 dB/mW.

Nambala imene anthu ambiri saiyang'ana, koma ndiyo imasintha mamvekedwe, ndi output impedance ya kaadaputako, ndiko kuti ma ohm a kaadaputa komweko pa bowo lake lotulutsira mawu. Lamulo lodziwika limati isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya earphone (ma ohm olembedwa pa bokosi aja). Pa 32 ohm ikhale yochepera 4 ohm, pa 16 ohm yochepera 2 ohm. Timaadaputa tabwino timakhala pansi pa 1 ohm. Chifukwa chake n'chakuti magetsi amagawanika pakati pa kaadaputa ndi earphone. Kaadaputa ka 10 ohm pa earphone ya 16 ohm kamafikitsa pafupifupi 62 peresenti yokha ya ma volt, kutayika kwa 4 dB. Kukanakhala kutsika kokha bwenzi tikungokweza voliyumu. Vuto n'lakuti impedance ya earphone siikhala imodzimodzi kuyambira pa besi mpaka pa mawu osongoka, makamaka pa ma earphone okhala ndi timasipika tingapo m'kati mwake (ma driver a mtundu wa balanced armature), ndiye mbali zina za nyimbo zimatsika kuposa zinzake ndipo earphone imamveka mosiyana ndi mmene anaipangira.

Za "sss" mungayese chonchi. Yambitsani nyimbo, tsitsani voliyumu mpaka pafupi ndi ziro. Ngati nyimbo yazimirira koma "sss" ili pomwepo osasintha, ikuchokera mu amplifier. Mukaimitsa nyimbo mumva ikupitirira masekondi awiri kapena atatu, kenako kuti "thi" n'kusiya: ndiye kuti amplifier yadzitseka. Koma ngati "sss" ikutsika limodzi ndi voliyumu, ili mu nyimbo momwemo, ndipo palibe kaadaputa kamene kangaichotse.

Tsono za 32-bit/384 kHz. Nambala imeneyo imangonena mafayilo amene chipu chimalandira, siinena ubwino wa mawu otuluka. CD ili pa 16-bit/44.1 kHz, imene imanyamula mawu mpaka pafupifupi 22 kHz, pomwe khutu la munthu wachinyamata limalekera pa 20 kHz, ndipo ukamakula limatsikirabe. Ma bit 16 amapereka mpata wa pafupifupi 96 dB pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa. Kuwonjezera apo, Android nthawi zambiri imasakaniza mawu onse a m'foni pa 48 kHz isanawatumize ku USB, kaya fayilo ndi ya 192 kHz. Mapulogalamu monga USB Audio Player PRO amalambalala zimenezi n'kulankhula ndi DAC mwachindunji, ndipo Android 14 inabweretsa njira yotumizira mawu osasinthidwa ngati foni ndi pulogalamu zikulola. Kwa ine phindu lenileni la pulogalamu yotere ndi lakuti imakupatsani ulamuliro pa voliyumu ya m'kachipu. Pomwepo palinso ngozi: ikhoza kuyamba ili pamwamba. Poyesa koyamba ma earphone akhale m'manja, asakhale m'makutu.

Namaluwa anayankha:

Akuluakulu afotokoza bwino za magetsi, koma pa nkhani ya besi ine ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa a Tadala angagule kaadaputa kabwino n'kupeza besi ikadali yopepuka.

Pa ma earphone olowa m'khutu, besi imadalira kutsekeka kwa khutu. Timalabala ta kumapeto tikachepa, mpweya umatulukira m'mbali ndipo besi imathawira komweko, mawu onse n'kumamveka otsika ndi opyapyala. Yesani izi musanagule kanthu: nyimbo ili mkati, kanikizani ma earphone onse awiri pang'ono ndi zala. Besi ikabwera mwadzidzidzi n'kuthawanso mukachotsa zala, vuto ndi timalabala. Sinthani muike tokulirapo, ndipo musadabwe khutu lina likafuna saizi yosiyana ndi linzake. Polowetsa, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo kuti njira iwongoke. Onaninso kasefa kachitsulo ka pakamwa pa earphone. Phula la m'khutu likatseka timabowo take, mawu amatsika kwambiri, kawirikawiri mbali imodzi kuposa inzake. Kapukuteni ndi kaburashi kouma, kamwa ya earphone itayang'ana pansi kuti zinyalala zigwere kunja.

Ndi ma earphone a 105 dB/mW, kufikitsa voliyumu kumapeto osakhutira si zachibadwa, ngakhale pa foni yofooka. N'chifukwa chake ndikukayikira timalabala, kasefa, kapena malire a voliyumu amene mafoni ena amaika m'ma settings a mawu pofuna kuteteza makutu.

Pa foni ina ija imene sinatulutse mawu, pali chifukwa chachiwiri chimene a Kambalame sanatchule. Mafoni ambiri a Oppo, Realme ndi OnePlus ali ndi kabatani ka OTG m'ma settings, kolola foni kuyendetsa zipangizo zolumikizidwa pa USB, kamene kamadzizimitsa pakapita mphindi 10 popanda cholumikizidwa. OTG ikakhala yozimitsa, ngakhale kaadaputa ka DAC kenikeni sikalandira magetsi. M'ma Developer options mulinso "Disable USB audio routing", imeneyo ikhale yozimitsa. Ndipo musaiwale fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimene zimadinikizika pansi pa bowo la USB-C: pulagi imaoneka ngati yalowa koma siifika kumapeto, ndiye mawu amaduka foni ikangogwedezeka. Zimitsani foni, chotsani ndi kamtengo kosongola kapena kapulasitiki, osati singano.

Za maiki: musaganize kuti kaadaputa kalikonse ka DAC kamalandira maiki. Tambiri tokwera mtengo tinapangidwira kumvera nyimbo basi, ndipo poyimba foni imagwiritsa ntchito maiki yake. Yang'anani kolembedwa kuti kamalandira maiki ndi mabatani a pachingwe, kapena kolembedwa TRRS, lomwe ndi dzina la pulagi yokhala ndi maiki. Pulagi ya earphone yokhala ndi maiki ili ndi timizere takuda titatu, yopanda maiki tiwiri. Palinso kasanjidwe kawiri ka mawaya: CTIA, imene pafupifupi zipangizo zonse za masiku ano zimatsata, ndi OMTP ya mafoni akale a Nokia ndi Sony Ericsson, imene inasinthanitsa waya wa maiki ndi wa ground (waya wobwererapo magetsi). Zikasemphana, mawu a woimba amamveka kutali ngati ali m'mgolo, ndipo amabwerera bwinobwino mukangodina batani la pachingwe.

Tadala_92 analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Laputopu sikakuona kaadaputaka, ndiye ndi ka waya chabe. Kukanikiza ndi zala kwabweretsadi besi, ndisintha timalabala. Mafunso awiri otsala: tina tili ndi mabowo awiri, 3.5 mm ndi 4.4 mm, kodi la 4.4 mm ndi labwino kuposa linalo? Nanga batire ya foni izitha msanga bwanji?

Kambalame anayankhanso:

Bowo la 4.4 mm ndi la balanced. Mbali iliyonse, kumanzere ndi kumanja, ili ndi mawaya ake awiri ndipo amplifier imakankha onse awiri mosemphanitsa, choncho pa timaadaputa tambiri ma volt amawirikiza, 2 volt n'kukhala 4 volt. Ndi phindu kwa mahedifoni ovuta kuyendetsa. Kwa ma earphone anu, amene 1 volt yawakwanira kale, mungangopeza voliyumu yovuta kuilamulira, kudina kamodzi kokha mawu n'kulumpha, mwinanso "sss" n'kubwerera. Pa 4.4 mm palibenso maiki.

Chimodzi ichi musachite: kutenga earphone ya pulagi ya 3.5 mm n'kuilumikiza ku bowo la 4.4 mm kudzera pa kosinthira pulagi. M'chingwe cha 3.5 mm mbali zonse ziwiri zimagawana waya umodzi wa ground, ndiye mumakhala mwalumikiza pamodzi zotulutsa ziwiri za amplifier zimene siziyenera kukhudzana, ndipo amplifier ikhoza kupsa. Kuti mugwiritse ntchito 4.4 mm pamafunika earphone yochotseka chingwe, n'kuikapo chingwe cha balanced kuchokera ku earphone komweko.

Za batire zimatengera kukula kwa kaadaputako. Timene chipu chake chabisala m'mutu wa pulagi timadya pang'ono, mwina simungazindikire n'komwe. Tokhala ndi machipu awiri ndi 4.4 mm timatha kukoka 100 mA kapena kupitirira, timafunda m'manja, ndipo tina timakokabe magetsi ngakhale nyimbo yaima, ndiye kazuleni mukamaliza. Ngati mukufuna kumvera uku mukutchaja, pamafunika kaadaputa kokhala ndi bowo lachiwiri la USB-C, koma tchaja yosasefa bwino imalowetsa kulira kwake m'mawu. Mukamva kulirako kukuyamba pongolumikiza tchaja, sinthani tchajayo musanaweruze kaadaputa.

Pali chinthu chimodzi chimene mungataye posiya ka waya chabe. Ngati foni yanu ili ndi wailesi ya FM, imagwiritsa ntchito chingwe cha earphone ngati eriyo. Ndi kaadaputa ka DAC chingwecho chimathera pa kachipu, sichifika m'foni, ndipo nthawi zambiri pulogalamu ya FM imakana kutseguka kapena imangolira phokoso. Ngati mumamvera FM, kakale kaja musakataye.

Mphenzi7 anawonjezera:

Kakafika katsopanoko, poyerekeza ndi kakale fananitsani kaye voliyumu, chifukwa khutu limaona chokwera pang'ono ngati chomveka bwino. Ndipo poti tsopano mukhala ndi mphamvu yokwana 120 dB, dziwani muyezo wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO: munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa 80 dB, ndipo mukawonjezera 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 89 dB atsala maola 5 okha pa sabata. Timalabala totseka bwino tithandizanso apa, chifukwa phokoso lakunja likachepa simufunika kukweza. Yambani voliyumu ili pansi nthawi iliyonse mukalumikiza, popeza mafoni ena amakumbukira voliyumu ya USB payokha, yosiyana ndi ya sipika.