Agogo a Mackay aja apezeka

Paja ndinafunsa kuti bwanji agogo akalekale a amuna anga, omwe anachoka ku Strathnaver, chigwa cha kumpoto kwa Scotland, kupita ku Nova Scotia m'dziko la Canada anthu atathamangitsidwa m'minda mu 1819, sakupezeka m'mabuku a tchalitchi. Nde apezeka abale inu! Vuto linali kalembedwe basi. M'chiGaelic, chiyankhulo cha kumapiri a ku Scotland, dzinali ndi MacAoidh koma alembi ankalemba m'Chingerezi momwe khutu lamvera, wina Mackay, wina McKay, kwinaku McKie, munthu mmodzi yemweyo. Pa ScotlandsPeople, webusayiti yofufuzira mabuku akale a mayina a anthu a ku Scotland, tinasiya kukakamira sipelo imodzi, tinayesa onse ndikufananiza ndi dzina la mayi awo komanso parishi. Ku Scotland boma linayamba kulemba obadwa mu 1855, zam'mbuyo zinali m'manja mwa matchalitchi nde mipata ndi yambiri. Panopa tikusaka sitima yomwe anakwera.